Tcheni chadukira pa Biwi

Lachitatu, usiku.

M'mawa kunazizira kwambiri, July wa ku Lilongwe sanyengerera. Nditaganizira mtengo wa minibasi masiku ano ndinangoti bola ndipalase. Njinga yanga ndi yokalamba, koma sinandichititsepo manyazi mpaka lero. Ndikutsetsereka cha ku Biwi ndinangomva mapedulo apepuka, kuyang'ana pansi tcheni chili lendelende. Ndinaikankha mpaka pansi pa mtengo pamene pamakhala mkulu wina wokonza njinga.

Aliyense wopalasa amawadziwa malo otere: pampu yomangidwa ndi mphira, beseni la madzi akuda bii loyeseramo machubu, masipoko m'chitini cha penti, nsanza ya girisi paphewa. Akabaza atatu anali atakhala pa benchi kuotha dzuwa. Mnyamata wophunzira ntchito, m'malo mogwira tayala, maso anali pa foni. Ndinasuzumira. Anthu ovala zothina akukwera phiri ku France, khamu likukuwa mbali zonse. Tour de France, mpikisano waukulu wa njinga.

"Zimitsa zimenezo iwe," anatero madala osadzutsa mutu. "Onsewo ndi a jakisoni."

Mnyamata anati ayi, zimenezo n'zakale, masiku ano amawayeza. Madala anaseka, nati ngakhale Armstrong ankamuyeza. Ndinadabwa kumva dzinalo pansi pa mtengo pa Biwi, ndiye ndinakhala pa njerwa, za kuntchito ndinaiwala kaye.

Ndiulule pano, poti n'zolemba zanga. Ine Lance Armstrong ndinkamukhulupirira. Munthu anadwala khansa mu 1996, inafika mpaka m'mapapo ndi mu ubongo, anachira, kenako anapambana Tour de France kasanu ndi kawiri motsatizana, kuyambira 1999 mpaka 2005. Nthawi imeneyo azakhali anga anali gone ndi khansa yomweyo, ndipo ine ndinapeza kachibangili kachikasu ka mphira kaja kolembedwa Livestrong pa kaunjika mu msika. Ndinkakavala tsiku lililonse. Ndinkawauza azakhali za mzungu amene anagonjetsa matendawa n'kukwera mapiri, iwo ankangomwetulira. Anamwalira nkhani isanaphulike. Mu October 2012 bungwe la mipikisano ya njinga padziko lonse, UCI, linamulanda zipambano zonse zisanu ndi ziwiri chifukwa chogwiritsa ntchito mankhwala oletsedwa owonjezera mphamvu, ndipo mu January 2013 iye mwini anavomera pa TV pamaso pa Oprah Winfrey. Zaka zimenezo mpaka lero zilibe wopambana, malo ake anangowasiya opanda dzina, chifukwa ambiri mwa amene ankabwera pambuyo pake nawonso manja sanali oyera.

Wakabaza mmodzi, wa chipewa cha ulusi, anafunsa kuti kodi mankhwalawo amatani kwenikweni, amaledzeretsa? Ndinafotokoza mmene ndikudziwira. EPO, amodzi mwa mankhwalawo, ndi chinthu chimene impso zathu zimapanga zokha, chimauza thupi kuti liwonjezere magazi ofiira onyamula mpweya. Kuchipatala amabaya nacho odwala impso amene magazi awachepera. Tsono munthu wabwinobwino akadzibaya, pokwera phiri sapuma wefuwefu ngati anzake, koma magazi amalimba ngati phala, mtima n'kumavutika kuwakankha. Ena ankachotsa magazi awoawo, kuwasunga mu firiji, n'kudzawabwezera m'thupi mpikisano uli mkati. Mu 2006 apolisi ku Madrid anapeza matumba a magazi otere kwa dokotala Eufemiano Fuentes, olembedwa mayina achinsinsi.

"Magazi mu firiji ngati nyama?" Onse anaseka. Wina anati zimenezo kwathu kuno tikanangoti ndi ufiti basi.

Wachipewa uja sanaseke. Anafunsa kuti njinga zawozo zimalemera bwanji. Ndinati lamulo limati isachepere makilogalamu 6.8, ndipo zambiri zimakhala pafupi pomwepo. Anayang'ana yake, ya kaliyala wowotcherera ndi khushoni yofiira ya mphonje.

"Ndiye achimwene, munthu alibe pasinjala, alibe thumba la chimanga, msewu ndi wa tala, madzi akumupatsira m'manja. Akufunanso jakisoni wa chiyani?"

Ndinayesa kuwaikira kumbuyo pang'ono. Ndi masabata atatu, makilomita oposa 3,000, mapiri a Alps ndi Pyrenees, liwiro loti ife sitingalifike ngakhale potsetsereka. Iye anangopukusa mutu. Ndipo ngati kuti wina wachita kumutuma, panadutsa bambo wa makala. Matumba atatu aatali omangidwa ndi zingwe za matayala, limodzi lopingasa pamwamba, mwini wake osaoneka bwino kuseri kwa katunduyo. Sankapalasa, ankakankha, chifuwa chili pa handulo, patapata wina womangidwa ndi waya. Anthu amenewa amanyamuka usiku kuchokera mbali za ku Dzalanyama. M'mazizira onse aja malaya ake anali atanyowa kumsana. Tonse tinamuyang'ana mpaka anakhota, ndipo mawu anga oikira kumbuyo azungu aja anathera pomwepo.

Wakabaza wachiwiri, wachikulire pang'ono, ndi amene anasokoneza bwalo. Anati tisamadziyeretse. Iyeyo msana ukavuta amameza mapilisi a ululu m'mawa asanatuluke, apo ayi ana sadya. Anati akudziwa anzake amene amamwa zamphamvu kuposa pamenepo. "Ndiye ngati ine ndimameza chifukwa cha ndalama ya ndiwo, munthu akamuikira mamiliyoni patsogolo angakane?" Ndinamuuza kuti ngakhale zimenezo kumeneko amaletsa zina: Nairo Quintana wa ku Colombia anamufufuta pa zotsatira za Tour ya 2022 chifukwa cha tramadol, mankhwala a ululu. Anati ndiye kuti pa siteji yawo theka akanawafufuta. Kuseka kunabwereranso.

Madala nthawi yonseyi anali akugogoda pini ya tcheni ndi kamsomali pamwamba pa nati. Atamaliza anati iwo za mankhwala sizikuwakhudza kwambiri. Anati ku mpira wathu nkhani za kukhwima ndi kudumpha mpanda pokana kulowera pa geti tinazizolowera, munthu akafuna kupambana amachita zambiri. Chimene iwo sangakhululuke n'choti munthu wakuba aziloza chala amene wamuona kuti ndiye wakuba.

Apa ndiye anandilasa, chifukwa ndi pomwe nanenso pamandiwawa. Panali mnyamata wa ku France, Christophe Bassons, amene anali mu timu ya Festina, ija inagwidwa mu 1998 galimoto yake itapezeka ndi mankhwala ambirimbiri pa malire a France ndi Belgium. Iyeyo ankakana kubayidwa, ndipo mu Tour ya 1999 ankalankhula poyera. Anzake anamusala, Armstrong anamuuza kuti ngati sakukondwa achoke, ndipo anachokadi mpikisano usanathe. Mayi wina wa ku Ireland, Emma O'Reilly, amene ankasisita minofu ya osewera mu timu ya Armstrong, atanena zimene anaona anatukwanidwa ndi kukokeredwa ku khoti. Onsewa ankanena zoona. Ndipo ine kuno, ndi kachibangili kanga, ndinali mbali ya wabodzayo. Ndikanakhala ndi Facebook nthawi imeneyo bwenzi nditawanyoza nawo.

Mnyamata wa foni sanagonje. Anati nanga Biniam Girmay? Mwana wa ku Eritrea, munthu wakuda woyamba wa mu Africa kupambana gawo la Tour de France, mu 2024, ndipo chaka chomwecho anatenga malaya obiriwira, amene amapatsidwa wopeza mapointi ambiri. "Ameneyonso muziti ndi wa jakisoni?" Madala anakhala chete. Kenako anati, "Ameneyo ndi wathu, sindinanene." Tinaseka, koma ine ndinaona kuti vuto lili pomwepo. Palibe chimene anamupeza nacho Girmay, ndipo tsiku limene anapambana ndinakuwa ndekha pabalaza mpaka ana anadzuka. Koma nditagona, kamawu kenakake kanandinong'oneza kuti paja unakuwaponso kale. Kamawu kameneko sindinabadwe nako. Ku Germany mawayilesi a kanema a ARD ndi ZDF anafika posiya kuonetsa Tour ili mkati mu 2007 atatopa ndi nkhani za mankhwalazi, ndipo mu 2015 munthu wina m'mbali mwa msewu anathira mkodzo Chris Froome, wopalasa wobadwira ku Nairobi uja, pongomuganizira za mankhwala. Ine sindingathire munthu mkodzo, komanso kuombera m'manja ndi mtima wonse ndinasiya.

Ndinalipira, madala anandiuza kuti tchenicho chatha, ndigule china mwezi ukatha. Kuntchito ndinafika mochedwa ndi ola lathunthu, manja ali bii, ndipo chifukwa chimene ndinapereka chinali cha tcheni chokha.

Madzulo ano nditadya ndinayamba kufufuza kachibangili kaja. Ndinakhuthula diroo yonse, ndinayang'ana m'sutikesi ya pansi pa bedi, osakapeza. Mayi a ana anandifunsa chimene ndikusaka. Nditawauza analowa m'khitchini n'kubwera ndi paketi ya mchere yotsegula, yopindidwa kukamwa. Kali pomwepo, kozungulizidwa kawiri, chikasu chinathera ku mafuta ndi utsi, zilembo zikuoneka zinayi zokha. Anati ndisakachotse mpaka ndipeze china chomangira, mchere ungalowe chinyezi.