Zikomo kwa inu amene munandikonzera fayilo

Anangula awiri agolide, chizindikiro cha udindo wa Chief m'gulu la asilikali a pamadzi la America, ali pakolala panga tsopano, ndipo sindinazolowerebe kuti munthu akaitana kuti "Chief" ndiye kuti akunena ine. Mauthenga ondifunira zabwino abwera ochuluka, ena sindinawayankhe, mundikhululukire. Ndafuna ndiyambe ndi anthu amene sakuoneka pa zithunzi zomwe mwaona zija, chifukwa popanda iwo mwambo wobayidwa anangula uja ndikanakaonerera ndili kumbuyo, monga ndinachitira zaka ziwiri zapitazi.

Ndifotokoze kaye pang'ono, poti abale ambiri mwakhala mukundifunsa kuti chavuta n'chiyani kuti ndikhale nthawi yonseyi pa udindo umodzi. M'gulu la asilikali a pamadzi la dziko la America, ife olowa ngati asilikali wamba timayambira maphunziro ku Great Lakes, m'chigawo cha Illinois, ndipo maudindo athu amayambira pa E-1 kulekeza pa E-9. Kuchoka pa E-6 kupita pa E-7, pamene munthu amatchedwa chief petty officer, ndi phiri lalikulu. Mayeso timalemba mu Januwale, koma kukhoza mayesowo kumangokutsegulira chitseko. Dzina lako limapita ku komiti yosankha yomwe imakumana ku Millington, m'chigawo cha Tennessee, kumene kuli likulu loona za anthu ogwira ntchito. Akuluakulu a m'komitiyo saona nkhope yako. Samva mawu ako. Sadziwa za usiku umene unachezera m'chipinda cha injini thukuta lili kamukamu. Chimene chili patsogolo pawo ndi fayilo yako basi, ndipo chimene mulibe m'fayilomo, kwa iwo sichinachitike.

Kawiri konse ndinakhoza mayeso, kawiri konse dzina langa silinatuluke. Komiti siuza munthu chifukwa chimene yamusiyira. Umangoona mndandanda, n'kuuwerenga kawiri katatu, kenako n'kupita kukagwira chanza anzako amene asankhidwa, mtima uli zii. Ulendo wachiwiriwo ndinafika pouza akunyumba kuti mwina ndingomaliza zaka zomwe ndinasainira ndizipuma.

Tsono inu, PS (Personnel Specialist) wathu wa mu ofesi yoona za mafayilo a asilikali, amene mwandiletsa kukutchulani dzina, mundilole ndinene zimene munachita. Ndinabwera kwa inu ndi nkhani ina yaing'ono ya tchuthi. Munandifunsa kuti, "Kodi fayilo yanu munaitsegula liti komaliza?" Ndinalibe yankho. Munakoka mpando, tinakhala pansi, n'kuyamba kuwerenga malipoti a kagwiridwe kanga ka ntchito limodzi ndi limodzi, kuona tsiku limene lipoti lina lathera ndi tsiku limene linzake layambira. Malipoti amenewa amayenera kulumikizana popanda mpata, tsiku ndi tsiku. Apo ndi pamene munaika chala pa kompyuta: miyezi ingapo inalibe lipoti, kuyambira nthawi imene ndinkachoka pa sitima ina kupita ku ntchito ya kumtunda. Lipoti limenelo ndi lomwe munali mawu abwino kwambiri amene mkulu anandilemberapo, ndi chizindikiro cha Early Promote (kutanthauza woyenera kukwezedwa msanga), chomwe chimaperekedwa kwa anthu ochepa okha pa gulu lililonse. Satifiketi ya mendulo imodzi munalibenso.

Sindikuloza munthu chala. Mapepala amasochera, ndipo udindo woyang'ana fayilo ndi wa mwini fayilo. Ine ndinkaganiza kuti ntchito ya manja anga idzandilankhulira yokha.

Chimene chimandikhudza mpaka lero ndi chakuti simunangondionetsa vutolo n'kundisiya. Munandiuza kuti ndikafufuze m'mabokosi kunyumba, ndipo kope langa losainidwa linapezekadi pansi pa makalata akale. Munaimba mafoni, munalemba makalata, ola loweruka litadutsa kale, pamene anthu ena makumi angapo ankadikiranso kuti muwakonzere za malipiro, za kusamuka ndi za mabanja awo. Munthu akalandira malipiro ake olondola pa 1 ndi pa 15 mwezi uliwonse sakumbuka kuti pali wina amene wakhala pa desiki kuonetsetsa kuti zitero. Timakukumbukirani zinthu zikalakwika basi, ndipo n'zimene ndakhala ndikuchita nanenso zaka zonsezi. Ndalapa.

Mlangizi wathu wa za tsogolo la ntchito, zikomo. Ndinu amene munandiwerengetsa NAVADMIN, kalata ya ku likulu yolengeza za komiti, mzere ndi mzere, n'kundilembera tsiku lomaliza lotumizira kalata ya ku komiti pa kapepala kamene ndinamata pachitseko cha lokala. Munandiphunzitsa kuti kalatayo si malo odandaulira kapena kudzitamandira: ikhale yaifupi, inene chimene chikusowa, ndipo mapepala ake akhale kumbuyo kwake. Kope loyamba limene ndinalemba linali la masamba awiri. Munalibweza mwaulemu, ndipo limene linapita linali la mizere yowerengeka.

A Senior Chief (udindo wa E-8) amene munandiitana kuseri nditagwa ulendo wachiwiri, mawu anu anali owawa koma oona. Munati ndimadziwa ntchito koma ndimaigwira ndekha, pamene komiti imafuna kuona anthu amene ndawakweza. Kuyambira pamenepo ndinayamba kukhala pansi ndi anyamata ndi atsikana a m'gawo langa madzulo, kuwakonzekeretsa mayeso awo ndi kuwathandiza kupeza baji ya ukatswiri wa pa sitima. Inu achinyamata anga, munandipirira pamene ndinali kuphunzira kutsogolera, ndipo kukwera kwanu ndi kumene kunadzaza lipoti langa la mu Novembala. Zikomo.

Dzina langa litatchulidwa pa zokuzira mawu, miyendo inandithera mphamvu. Kunatsatira masabata asanu ndi limodzi a maphunziro olowera m'gulu la ma Chief, ndipo za mmenemo zimatsala momwemo. Ndinganene kokha kuti udindowu unakhazikitsidwa pa 1 Epulo 1893, ndipo amene akutsogolera amaonetsetsa kuti wamva kulemera kwa zaka zonsezo usanavale khaki, yunifolomu ya ma Chief.

Mayi a ana anga, pa tsiku lija mu Seputembala manja anu ankanjenjemera pondibaya nangula pakolala, ndipo ndinaona misozi imene munkaibisa. Miyezi imene ndinali panyanja munali mayi ndi bambo nthawi imodzi. Tinasamuka kangapo, ana akusintha sukulu, inu mukuyambanso kufunafuna ntchito, osadandaula pamaso pa ana. Ndipo ndinu amene munasunga bokosi la mapepala lija, pamene ine ndinkati tilitaye posamuka chifukwa likungodya malo.

Lolemba likubwerali, m'mawa tikangomaliza kuitana mayina, aliyense wa m'gawo langa abwere ndi makope a malipoti ake onse. Titsegula fayilo ya aliyense, mmodzimmodzi, kuyambira wamng'ono kwambiri. PS wathu wavomera kale kudzakhala nafe.