Kope la ngongole la ku Chibavi

Basi ya ku Mzuzu ndinakwera m'mawa ku Lilongwe, maikolofoni awiri obwereka nditawakulunga m'chitenje. Mnzanga wa ku Chibavi, dera lina la mu Mzuzu, ndi amene anandiitana. Achinyamata a m'dera lawo ankajambula filimu pa mafoni, zithunzi zikutuluka bwino, koma mawu kunkangomveka mphepo yokhayokha.

Titadutsa Kasungu ndi Jenda tinalowa mu nkhungu ya ku Chikangawa. Chakumeneko ndi kumene kuli nkhalango ya Mtangatanga, komwe mu Okutobala 2022 apolisi anafukula mitembo yoposa 20 ya anthu oganiziridwa kuti anali ochokera ku Ethiopia. Bambo amene tinakhala mpando umodzi analoza pawindo n'kungoti "ndi muno", kenaka anapitiriza kukukuta chimanga chawo chootcha. Ku Mzuzu ndinafika kukuwaza kamvula, ndipo wakabaza atandiona ndili ndi shati yokha anandiseka, akuti alendo a ku Lilongwe sitimva.

Filimuyo ndi ya mayi wina wa ku Burundi amene anali ndi kagolosale ku Chibavi kwa zaka zambiri. Mu 2023 boma litalamula kuti othawa kwawo onse abwerere ku msasa wa Dzaleka ku Dowa, iwo ndi ana awo anawatengera komweko. Dzaleka inali ndende nthawi ya Kamuzu, inasanduka msasa mu 1994, ndipo lero mukukhala anthu oposa 50,000 pamalo amene anakonzera anthu osapitirira 12,000. Ndiye filimu ikujambulidwa mbali ziwiri: anyamata ndi atsikana a ku Chibavi akujambula oyandikana nawo amene anatsala, pamene mwana wamkazi wa mayiwo akujambula kumsasa n'kumatumiza tizidutswa pa WhatsApp, bandulo ikapezeka.

Apa ndi pamene ndinadzichititsa manyazi. Titamuimbira mtsikanayo, ine ndi nzeru zanga ndinati auze mayi ake afotokoze za nkhondo, mmene anathawira, mwina pakhale ndi misozi pang'ono kuti oonera akhudzidwe. Anayamba wakhala chete. Kenaka anati, "Achimwene, nkhondoyo ine sindinaione, ndinabadwira konkuno. Ine ndajambula mzere wa zigubu pa mjigo, ndi nsapato zanga za kusukulu." Atatero anatembenukira kwa anzakewo m'Chitumbuka chothamanga, onse n'kuphulika kuseka. Sindinafunse kuti akuseka ndani.

Ife obwera timafika titaidziwa kale nkhani imene tikufuna, munthu n'kungokhala wodzaza mpata. Foni itakhala m'manja mwake, mtsikanayu anasankha zimene ine sindikanaziganiza n'komwe.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi kope. Mayiwo pochoka anasiyira mnzawo woyandikana naye kope la ngongole, la ana asukulu lija, chikuto chake chitada ndi mafuta ophikira. Muli shuga wa oda, sopo, machesi, mchere, chilichonse ndi deti lake, zina zokhwatcha, zambiri zosakhwatcha. Achinyamatawo anakangana madzulo onse ngati maina aoneke. Anagwirizana kuti ayi, choncho mu filimu mukuoneka chala chikutsika ndi tsamba, chitaphimba maina, mitengo yokha ikuwerengeka. Ntchito yanga inali kujambula phokoso la masamba akamatembenuzidwa. Maikolofoni ndinawaveka sokosi kuti mphepo ya ku Mzuzu isalowe, ndipo zinatheka.

Loweruka tinaonetsa zimene zinalipo, mphindi 14, pa nsalu yoyera yofunda titaikoloweka pakhoma la holo ya tchalitchi. Magetsi anazima pakati, tinadikira jenereta, palibe anachoka. Nkhope ya mayiwo itaoneka, amayi akumbuyo anawaitana dzina mokuwa ngati amva. Panalinso bambo wina amene anadandaula poyera kuti anthuwa ankawaphera bizinesi ndi mitengo yotsika, ndipo achinyamatawo anawapempha kuti mawa akawajambule, akanene zomwezo pa kamera. Anavomera.

Tikupinda nsalu ija, agogo ena anandikoka malaya. Anamasula mfundo ya pa chitenje n'kutulutsa ndalama zopindapinda.

"Mwanangu, akuti mukubwerera ku Lilongwe?"

"Eya agogo, mawa."

"Tsamba lachitatu lija, sopo muwiri, ndi ine. Mukawapatse."

Ndinawauza kuti basi yathu silowa ku Dzaleka, imangodutsa pa Dowa Turn Off. Iwo anati ndiye mutsike pomwepo.