Kompyuta yanga imawerenga mpaka 4 basi

Kompyuta yomwe ndimataipira anthu makalata kuno ku Ndirande ndi yaikulu kwa mwana wanga wachiwiri. Ndi bokosi lakuda lija lomwe linagwira kaye ntchito mu ofesi ina kunja, n'kupuma, kenako n'kudzayambiranso moyo kuno kwathu: Core 2 Duo, Windows 7, RAM ya 2 GB (RAM ndi memore yomwe kompyuta imaikamo zimene ikugwira pa nthawiyo). Ma CV, makadi aukwati, mapulogalamu a maliro, zonse zimatuluka m'menemo. Chilema chake chinali chimodzi. Ukatsegula Word ndi Chrome nthawi imodzi, umatha kupita kukagula mandasi, kudya, kusamba m'manja, n'kudzapeza kamkombero kaja kakungozungulirabe.

Tsiku lina mnyamata wina watayi, atatopa kudikira CV yake, anati, "Bambo, makina anuwa akungofuna RAM basi." Anayankhula ngati akunena kuti ndiwo zachepa mchere. Ine kumva choncho ndinaona kuti kulipira mmisiri n'kutaya ndalama. Si ine ndinakonza simbi yositira ya apongozi chaka chatha?

Loweruka ndinakwera minibasi wa ku Limbe. Pashopu ina ya zipangizo za makompyuta ndinanena molimba mtima kuti ndikufuna ma RAM awiri, a 2 GB iliyonse. Wogulitsa anafunsa, "DDR chani, bwana? 2 kapena 3?" Funso limeneli sindinalikonzekere. Koma munthu wamkulu sungaoneke mbuli pamaso pa mwana, ndipo aliyense amadziwa kuti 3 amaposa 2.

"Ndipatseni 3," ndinatero, uku ndikuyang'ana kumbali ngati munthu wozolowera.

Kufika kunyumba, ndinatsegula bokosi lija n'kupeza fumbi loti ukhoza kudzalapo bonongwe. Mipata ya RAM inalipo inayi, iwiri ili ndi tima RAM takale ta 1 GB, iwiri ili pululu. Ndinatenga yatsopano n'kulowetsa. Yakana. Ndinaitembenuza. Yakananso. Kutalika kwake n'chimodzimodzi ndi zakale zija, timano tagolide tija ndi 240 konsekonse, koma kampata kamene kali pakati pa timanoto sikanali kulunjika pa kachitunda ka mu soketi. Kamasemphana pang'ono chabe. Anthu opanga zinthuzi anachita dala kusuntha kampatako pofuna kuteteza makompyuta kwa anthu ngati ine.

Apa m'pamene analowererapo alamu anga. Alamuwa anabwera mu Januwale kudzacheza sabata ziwiri, ndipo mpaka lero sabata ziwirizo sizinathe. Anasuzumira m'bokosi muja, n'kugwedeza mutu ngati dokotala.

"Alamu, tupa lilipo? Tingopala pang'ono apa, ilowa yokha."

Chondichititsa manyazi n'chakuti tupalo ndinakatengadi. Ndinali nditaigoneka kale RAM ija pampando, tupa lili m'manja, pomwe mayi a kunyumba anatulukira ndi beseni la zovala. Anaima, n'kuyang'ana tupa, n'kuyang'ana ine.

"Bambo a Chisomo, ndalama ya makala ija ndi imene mukufuna kuipala ndi tupayi?"

Lolemba ndinabwerera ku Limbe. Wogulitsa uja sanaseke, koma milomo yake imachita kunjenjemera. Anandisinthira n'kundipatsa DDR2, ndipo anandiuza kuti ndiwonjezere kangachepe chifukwa zakale zimasowa. Ndinalipira ndalama zambiri kuti ndigule nambala yaing'ono.

Ulendo uno zinalowa, kapena tinene kuti ndinkaganiza kuti zalowa. Ndinaziika mwaulemu, mosisita, poopa kuthyola. Nditadina batani, kompyuta inayamba kulira: tswii, tswii, tswii. Pa sikirini pali bii. Ndinazimitsa, kuyatsanso. Tswii, tswii. Pa zaka zonse zomwe takhala limodzi, makinawa anali asanandiyankhulepo choncho.

Ndiye tsoka sasimba, pabenchi panja panali patakhala bambo wina wachikulire, mwinimbumba, akudikira pulogalamu ya maliro a achimwene ake omwe amaikidwa mawa lake. Thukuta linayamba kutsika mumsana. Alamu anati ndiimenye pambali ngati wailesi. Bambo aja anasuzumira pakhomo, n'kundiona ndagwada pansi mutu uli m'bokosi, ndipo ananena mofatsa kuti, "Achimwene, dekhani. Amene tikuwalemberawo sakuthamangira kulikonse."

Ndinadekhadi. Ndinazula waya kukhoma, n'kuchotsa ma RAM onse anayi. Ndinabwereka rabala ya Chisomo n'kupukuta timano tagolide tija mpaka tinati mbee. Nditauzira mumpata wachitatu, munatuluka mphemvu youma, miyendo ili m'mwamba, yoti mwina inabwera ndi kompyutayo kuchokera kunja komweko. Kenako ndinayamba kubwezera imodzimodzi, ndikuyatsa pakati kuti ndione yomwe ikuvuta. Palibe yomwe inali yovuta. Wovuta ndinali ine. RAM safuna ulemu: umaikanikiza ndi zala zazikulu mbali zonse ziwiri mpaka timapanda toyera tam'mbali tidzitsekere tokha kuti kha! Ine ndinali nditangoikhazika pakhomo ngati mlendo woyembekeza kuuzidwa kuti lowani.

Inayaka. Pulogalamu ya maliro inatuluka, bambo aja anapita, ndipo ine ndinayamba kuyenda m'nyumba chifuwa chili patsogolo. Madzulo ndinaitana banja lonse kuti lidzaone 6 GB ndi maso awo. Ndinadina kumanja pa Computer, n'kusankha Properties. Panalembedwadi 6.00 GB. Koma pambali pake panali timawu tina: 3.24 GB usable.

Chizungu changa n'chapakatikati, koma usable ndimamudziwa. Ndinatenga foni n'kuchotsera. 2.76 GB sakuoneka. Mwa 4 GB yomwe ndinagula, yomwe imagwira ntchito inali 1 ndi kanyenyeswa. Alamu anaomba m'manja kamodzi.

"Akuberani, alamu. Zafeki zimenezi. Anthu a m'tauni ndimawadziwa ine."

Usiku umenewo sindinagone. Ndinkakonza mawu.

M'mawa ndinanyamula bokosi lonse, kulikulunga m'chitenje cha mayi a kunyumba, ulendo wachitatu wa ku Limbe. Kondakitala ankafuna kuti lilipire mpando wake, ndiye ndinalifungata pamiyendo ngati mwana wodwala. Kufika pashopu paja ndinaliika pakauntala kuti gwa, n'kuyamba kuyankhula mokweza kuti ngakhale ogulitsa nthochi panja amve. Ndinatchula za chilungamo. Ndinatchula za thukuta la amphawi. Mawu oti "akuba" ndinawatchula kawiri, kachiwiriko ndikuloza chala. Anthu anayamba kusonkhana pakhomo.

Kuseri kwa kauntala kunali kamtsikana kena, kamsinkhu wa mwana wa achemwali anga, kakuwotcherera foni. Kanaika pansi chowotcherera chija, kulumikiza kompyuta yanga ku sikirini yawo, kuyatsa, n'kumadina F2 mpaka panatuluka tsamba lina lomwe ndinali ndisanalionepo chibadwire. Kanati imeneyo ndi BIOS, ndipo kanandilozera nambala: 6144 MB.

"Ankolo, 1 GB ndi 1024 MB. Chulukitsani ndi 6. RAM yanu ilipo yonse, makinawa akuiona bwinobwino."

"Nanga 3.24 uja?"

Kanalowa mu Windows, pa tsamba lomwe lija ndinaitanira banja, n'kuika chala pa mzere wotsatira, pansi penipeni pa mzere womwe unandisowetsa tulo. Panalembedwa kuti 32-bit Operating System. Mzere umenewu unali pomwepo dzulo lake, koma ine maso anali pa akuba.

Kanafotokoza mosathamanga, ngati kakuphunzitsa Sande sukulu. Windows ya 32-bit ili ndi manambala owerengeka oitanira malo a m'memore: 2 kumuchulukitsa yekha ka 32, zomwe ndi 4,294,967,296, ndiye kuti 4 GB. Ikafika pamenepo manambala atha. Ndipo pa 4 GB yomweyo, manambala ena amatengedwa kale ndi mbali yoonetsa zithunzi ndi zipangizo zina za m'bokosimo, n'chifukwa chake pamatsala 3 ndi kenakake.

"Zili ngati mwamanga nyumba sikisi za lendi, ankolo, koma makiyi muli nawo anayi, ndipo imodzi mwa makiyiwo ili ndi mlonda."

Pakhomo paja wina anaseka. Wogulitsa uja anatsamira pakauntala. "Bwana, mawu aja munanena kawiri aja, simungawabwereze? Ena afika mochedwa." Ndinatuluka kukagula zoziziritsa kukhosi ziwiri, ndipo pobwera ndinayenda chamumbali ngati nkhanu.

Mankhwala ake anali kuika Windows ya 64-bit, yomwe manambala ake sathera pa 4 GB, poti Core 2 Duo amaikwanitsa. Koma sikuti umangodina batani ayi, umafufuta zonse n'kuyambira pachiyambi. Kamtsikana kaja kanakopera mafayilo anga onse pa fulashi, n'kundikumbutsa kuti Windows 7 inasiya kulandira zigamba zachitetezo mu Januwale 2020, choncho ndisamaitengere pa intaneti mwachisawawa. Ndinavomera zonse. Tsiku limenelo kakanandiuza kuti ndiziithira madzi m'mawa uliwonse, ndikanavomeranso.

Madzulo kunyumba kompyuta inali kuuluka. Word, Chrome, nyimbo, zonse nthawi imodzi, wamandasi n'kuluza kasitomala. Kenako ndinalumikiza pulinta yanga, nkhalamba inzake ya kompyutayo, kuti ndisindikize khadi laukwati. Zii. Dalaivala wa pulintayo, pulogalamu yomwe imachititsa kuti ziwirizi zimvane, analipo wa 32-bit yekha. Ndinafufuza mpaka bandulo inatha. Wa 64-bit kulibe. Ndinali ndi kompyuta yothamanga kwambiri mu Ndirande yense, yosatha kutulutsa pepala ngakhale limodzi.

Za ulendo wachinayi wa ku Limbe sindinena zambiri. Kondakitala anandizindikira, n'kufunsa ngati mwana uja akupezako bwino. Kushopu kuja anandibwezera 32-bit yanga, ndipo kunena zoona 3.24 ndi yabwino kuposa 2, makina akuyenda bwino ndithu.

Koma 2.76 GB ija ikadali m'bokosimo, imadya magetsi, ntchito osagwira. Dzulo pa chakudya chamadzulo alamu anaikumbukira. Anatema mbamu yaikulu ya nsima, kuisunsa mu usipa, n'kunena kuti, "Koma alamu, ine zimandidabwitsa. Chinthu chongokhala m'nyumba, kumangodya osagwira ntchito, mukuchisungiranji?"

Mayi a kunyumba anatsamwa, n'kutuluka panja kukafuna madzi, chikhalirecho jagi ili patebulo pomwepo.