Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 14: Bwalo la Aroma ku St Albans

M'gawo lapitalo ndinakuuzani momwe ndinapezera ntchito yosamalira okalamba ku St Albans, ku England. Tsiku lina Loweruka, agogo amene ndinkawasamalira aja anati, "Mwanangu, tandikankhe pa njingayi, tikaone bwalo la Aroma."

Ndinkayembekezera chinyumba chachitali. Titafika ku Gorhambury, komwe kuli bwaloli, ndinangoona chidikha chozungulira, kapinga wometa bwino, ndi timakoma tolekeza m'chiuno. Ndinagwira mwala umodzi wa pakhomapo, woyera kunja, wakuda mkati, wozizira ngati madzi a mumtsuko.

Agogowo anali mphunzitsi kalelo, ndipo tsikulo mawu awo anabwerera mphamvu. Pamalopo panali mzinda wa Aroma wa Verulamium, womwe Boudica, mfumukazi ya ku Britain imene inaukira Aroma, anautentha cha m'ma 60 AD. Anthu anaumanganso, ndipo cha m'ma 140 anamanga bwaloli m'mbali mwa msewu wa Watling Street. Atalikuza, linkalowa anthu pafupifupi 2,000, atakhala pa mabenchi amatabwa pamwamba pa zitunda zadothi. Kuseri kwake kunali kachisi, choncho sikunali kongoonera zisudzo, miyambo yachipembedzo inkachitikiranso pomwepo. Mzati umodzi woima pansanja yochitirapo zisudzo ndi wochita kumanga bwaloli litafukulidwa, wongoonetsa msinkhu wa mizati yakaleyo.

Bwaloli linapezeka mu 1847, koma amene analifukula lonse mu 1934 ndi Kathleen Kenyon, mayi yemwe pambuyo pake anakafukula ku Jericho, Yeriko wa m'Baibulo uja. Zomwe anapeza pakati pa bwalo ndi zimene zinandibaya mtima: dothi lakuda lodzaza zinyalala. Zaka za m'ma 300 zikupita kumapeto, eni mzinda anali atalisandutsa dzala. Pamene makolo awo ankaomba m'manja, zidzukulu zinkakhuthulapo mapale ndi mafupa.

Ndinangoti zii, manja ali pa zogwirira za njinga. Maso anga ankaona bwalo lakwathu ku Dedza, pansi pa kachere, pomwe a mfumu ankaweruzira milandu, pomwe fumbi linkachita kobo gule akatuluka. Ndinali nditatha zaka 6 osapondapo.

"Walira?" anafunsa agogo. Ndinati ndi mphepo.

Usiku womwewo ndinaimbira achimwene pa WhatsApp. "Achimwene, kodi pabwalo paja anthu akusesabe?"

Anayamba aseka, kenako anati, "Kachere alipo, mlongo. Koma chimanga chafika m'mphepete mwenimweni."