Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: ndalama za mwana zizisamuka nafe

Gawo lapitalo tinalekezera pa kubadwa kwa mwana tili m'dziko la eni. Lero tione za ndalama zake.

Banja lokhala kunja silidziwa komwe lidzakhale zaka zisanu zikubwerazi. Ntchito itha kutha, chilolezo chokhalira osachiwonjezera. N'chifukwa chake musanatsegule akaunti iliyonse, funsani banki kapena kampaniyo funso ili: tikasamuka, chidzachitike n'chiyani? Akuyankheni polemba.

Ku UK kuli Junior ISA, akaunti yosungiramo ndalama za mwana, yolola kuikamo mapaundi 9,000 pa chaka popanda msonkho pa phindu, koma potsegula mwana ayenera kukhala akukhala m'dzikomo, ndipo ndalamazo sizituluka mpaka atakwanitsa zaka 18. Ku United States kuli 529 plan, yosungiramo ndalama za maphunziro. Zonsezi n'zabwino, komatu kukhululukidwa msonkho kumathera pa malire a dzikolo. Dziko lomwe mwasamukira lili ndi malamulo ake.

Chomwe chimandipweteka mtima ndi mapulani a inshuwalansi a zaka 20 kapena 25 omwe amatsatsidwa kwambiri kwa anthu ogwira ntchito kunja. Wotsatsa amabwera ndi kabuku konyezimira, mizere yonse yoloza kumwamba. Tsamba lofunika ndi la tizilembo ting'onoting'ono kumapeto: mukasiya msanga, chindapusa chimatha kudya pafupifupi zonse zomwe munasonkha m'zaka zoyambirira. Ndipo anthu amasiyadi, chifukwa moyo wa kunja sukhazikika.

Tiwerengere limodzi. Mukamaika madola 200 mwezi uliwonse kwa zaka 18, mwasonkha 43,200. Tiyerekeze kuti zikukula ndi 6 pa 100 iliyonse pa chaka, zifika pafupifupi 77,000. Kampani ikamadulapo 2 pa 100 chaka chilichonse, mutsala ndi 63,000. Madola 14,000 apita mwakachetechete, mwana osawaona. Thumba la masheya a makampani ambiri a padziko lonse, la index fund, nthawi zambiri limadula zosafika theka la 1 pa 100.

Sungani mu ndalama ya dziko lomwe mwana akuoneka kuti adzaphunzirako. Ngati simunadziwe, gawani pawiri. Kukatsala zaka zitatu kuti fizi iyambe, yambani kuchotsa ku masheya pang'onopang'ono, msika usadzagwe chaka chomwe mukuzifuna.

Wilo musaiwale. Lembanimo womulera mwana ndi komwe kuli akaunti iliyonse, ndipo loya atsimikize kuti ikugwira ntchito m'maiko onse omwe muli ndi chuma. Za wiloyi ndi gawo likubweralo.