Zikomo nonse amene munapulumutsa mbuna zanga

Lero m'mawa ndawerenga tiana 14 ta nsomba tikuzemberana pansi pa miyala mu thanki yanga yagalasi kuno ku Matawale. Ndakhala chete kwa kanthawi, kenako ndati ndilembe, poti tiana timeneti si tanga ndekha.

Ndimaweta mbuna, tinsomba ta m'miyala ta m'nyanja ya Malawi. Zanga ndi zachikasu zija, Labidochromis caeruleus, kwawo cha ku Nkhata Bay. Yaikazi ikaikira mazira imawatola n'kuwasunga m'kamwa pafupifupi milungu itatu, osadya kanthu, kukhosi kutatupa. Ikadzidzimuka, kapena madzi akasintha mwadzidzidzi, imatha kuwalavula mwinanso kuwameza. Kawiri konse mazira anandithera choncho.

Ulendo uno inafungatira mazira m'mwezi wa July. Kunyanja madzi amakhala ofunda, madigiri 24 mpaka 28, koma kuno kunsi kwa phiri la Zomba chiperoni chikatsika, ngakhale ndowa ya m'nyumba imaluma zala. Tsiku lina madzulo magetsi anazima. Usiku wonse kunali zii, mawa lakenso chimodzimodzi. Chotenthetsera madzi chinazizira, pampu ya mpweya inaima, nsomba n'kuyamba kukwera pamwamba, kukamwa yasa. Yamazira ija inangoti phee pakona.

Mayi a kunyumba, ndiyambe ndi inu. Munakoleza mbaula katatu usiku umenewo ndi makala omwe tinkasungira nyemba. Madzi otentha sathiridwa mu thanki mwachindunji, ndiye munkadzaza ofunda m'mabotolo apulasitiki n'kuwayandamitsa pamwamba, akazizira n'kusinthanso. Bulangete lanu munafunditsa thanki, inu n'kutsala ndi chitenje chokha. Ndinaona, ndipo sindidzaiwala.

Iwe mdzukulu wanga, unatunga madzi a mu thanki ndi kapu n'kumawatsanulira momwemo kuchokera m'mwamba kuti mpweya ulowe, mpaka tambala woyamba kulira, chonsecho m'mawa unali ndi sukulu. Zikomo mwanawe.

Madala oweta chambo ku Domasi, foni yanu inali ya mphindi ziwiri zokha. Munati ndisazipatse chakudya, chifukwa chotsala chikavunda pampu ili chiimire, madzi amasanduka poizoni. Ine ndinali nditatsegula kale chitini chifukwa cha chisoni. Ndinatsekanso.

Nanu achimwene otchaja mafoni pafupi nafepa, munasenza batire la sola ndi inveta m'kamvula kaja, makasitomala akudikira pakhomo panu. Pampu itayamba kutulutsa thovu, mtima wanga unakhala m'malo. Ndalama munakana.

Patatha masiku asanu ndi anayi, mayi wamazira uja anatsegula kukamwa, tiana n'kutuluka kamodzikamodzi, kalikonse kochepera chikhadabo. Waonda kwambiri, ndamupatula kuti adye mwamtendere. Tianato tayamba kale kutola chakudya chomwe ndimaperesa ndi zala.

Loweruka masana khomo ndi lotsegula, bwerani mudzatione. Achimwene a batire, tiwiri toyamba kukula ndi tanu, kathanki kake ndikukonzerani ndine.