Kusintha lamba wa timing pa Corolla ya 5A pabwalo la nyumba

Magalimoto ambiri amene timayendera muno mu Lusaka anabwera atagwira kale ntchito ku Japan. Ena analowera ku Nakonde kuchokera ku Dar es Salaam, ena ku Chirundu kuchokera ku Durban. Mukatsegula boneti ya galimoto yotere, yang'anitsitsani pa chivundikiro chakuda cha m'mbali mwa injini. Kawirikawiri pamakhala kapepala komata, kolembedwa makilomita ndi tsiku limene lamba wa timing, lamba wa mano wogwirizanitsa mapisitoni ndi mavalavu, anasinthidwa. Chaka chake chimasokoneza anthu, chifukwa kumeneko amawerenganso zaka potsata ulamuliro wa mfumu yawo. Mukaona H20, muwonjezere 1988 pa 20, mupeza 2008. Pa Corolla yanga panalembedwa H22. Makilomita 100,000 amene lamba amayenera kusinthidwa anali asanakwane, koma labala wa 2010 ndi wokalamba basi, ngakhale galimotoyo ikhale yongoima. Ine kwathu n'ku Katete, ndimapitako pafupipafupi, ndipo sindifuna kuti lamba adzandidukire m'mapiri a Manenekela ana ali kumbuyo.

Musanatulutse ndalama, dziwani injini yanu. Zimandipweteka ndikamva munthu wauzidwa kuti asinthe lamba pa RunX, Allion kapena IST ya 1NZ-FE, chonsecho injini imeneyo imayendera tcheni. Za lamba ndi monga 4A-FE, 5A-FE ndi 7A-FE za Corolla ndi Spacio zakale, 3S-FE ya Noah yakale, ndi za dizilo za Hiace, 3L ndi 5L. Pa 5A lamba akaduka injini imangozima, mapisitoni safika pa mavalavu. Pa Hiace akaduka, mapisitoni amagunda mavalavu n'kuwapinda, ndiye kutsitsa mutu wa injini kumeneko. N'chifukwa chake ndimati wofuna kuphunzira ayambire pa 5A. Pa dizilo pali pampu ya mafuta imene ili ndi chizindikiro chakechake, ndipo ngati n'koyamba, makanika akhale pambali panu.

M'tauni ndinagula lamba wa Mitsuboshi, tensioner (kagudumu kokoka lamba kuti asakhwefuke) ndi kasipulingi kake, ndi ma oil seal awiri otchinga oyilo kuti asadonthe, ya camshaft (chitsulo cha pamwamba chotsegula mavalavu) ndi ya crankshaft (cha m'munsi chozungulitsidwa ndi mapisitoni). Ambiri amagula lamba yekha. Koma beringi ya tensioner ikagwira, lamba watsopanoyo amatha msanga, ndipo seal yodontha imanyowetsa labala ndi oyilo mpaka kufewa. Poti mwatsegula kale, sinthani zonse. Wogulitsa muuzeni nambala ya injini, osangoti “Corolla”, chifukwa lamba wa 7A ndi wamtali kuposa wa 4A.

Loweruka m'mawa tinaimika galimoto pa simenti pakhomo panga ku Chilenje, ine ndi alamu anga. Tinachotsa waya wa batire, tinakweza mbali ya kumanja ndi jeke, n'kuikapo stand yachitsulo tisanachotse tayala. Njerwa za konkire musazikhulupirire, zimasweka popanda kukuchenjezani. Malamba akunja, wa alternator, wa power steering ndi wa eyakoni, anachoka mosavuta, pamodzi ndi pulley (gudumu loyendapo lamba) ya water pump. Mapulagi tinachotsanso kuti injini izitembenuka mopepuka ndi dzanja, kenako chivundikiro cha pamwamba pa mavalavu.

Apa ndiye pamene pali ntchito yeniyeni, ndipo ndikupempha muwerenge modekha. Crankshaft imazungulira kawiri pamene camshaft yazungulira kamodzi, ndipo lamba ndiye amasunga mgwirizano umenewu. Dzino limodzi lokha likaphonya, galimoto imalira koma mphamvu ilibe, petulo n'kumangomwa. Tembenuzani bawuti ya crankshaft molunjika kumene imayendera wotchi mpaka kamzere kocheka pa pulley kalunjike pa 0 wa pa chivundikiro cha m'munsi. Mukatero pitani pamwamba. Pa giya ya camshaft pali kabowo kakang'ono, ndipo mukasuzumira ndi tochi muyenera kuona kachizindikiro kali kumbuyo kwake, pakati penipeni pa bowolo. Ngati sikakuoneka, zungulitsaninso crankshaft kamodzi kathunthu. Ine ndinajambula zithunzi pa foni, ndipo ndinapaka tipeksi pa dzino la lamba wakale ndi pa giya, pamwamba ndi pansi pomwe. Lamba wakale atachoka ndinamugoneka pa watsopano, n'kuwerenga mano limodzilimodzi, n'kusamutsira zizindikirozo. Amakanika ozolowera satero, koma kwa munthu wochita koyamba zimachotsa nkhawa.

Bawuti ya crankshaft ndiyo inatitayitsa nthawi. Ndi yomangika kwambiri, ndipo mukaikoka injini imangozungulira nayo. Galimoto ya manual mumaika giya yapamwamba wina n'kuponda buleki, koma yanga ndi automatic. Alamu anati, “Alamu, kolekani chitsulo pa bawutiyo, muchitsamiritse pansi, mugunde sitata kamodzi, imasuka yokha.” Njira imeneyi anthu amachitadi, koma ine sindiikonda. Chitsulo chikaterereka chimathyola dzanja, ndipo pa Honda zakale za D15B, zimene injini yake imazungulira chobwerera, siigwira n'komwe. Ndinapita kwa owotcherera ku Kalingalinga, anandipangira chitsulo chachitali cha mabowo awiri chomangirira pa pulley. Alamu anagwira chimenecho, ine ndinakoka sipanala yowonjezera paipi, bawuti inalira n'kumasuka. Pulley yokha ikakana kutuluka musaimenye ndi hamala kapena kuitema ndi sikuludiraiva m'mphepete, bwerekani puller, chida choikokera.

Kuti lamba atuluke muyenera kumasula mounting ya kumanja, yogwirizira injini ku thupi la galimoto. Ikani jeke pansi pa sampu, mbale ya oyilo ya kunsi kwa injini, thabwa lili pakati, mungonyamula pang'ono. Lamba wanga atatuluka ndinamupinda padzuwa. Kumsana kwake kunali kosalala, konyezimira, koma m'tsinde mwa mano munali timing'alu tambirimbiri ngati nthaka ya m'dambo mu Okutobala. Kumuyang'ana ali pa injini simukanadziwa.

Poika watsopano, manja akhale opanda oyilo, ndipo musamupinde mwamphamvu kapena kumukankha ndi chitsulo. Kankhirani tensioner kumbali n'kuimanga pang'ono kuti ikupatseni mpata. Yambirani pa giya ya m'munsi, mbali yosadutsa pa tensioner ikhale yokoka bwino, kenako mukoleke pamwamba. Mukamasula bawuti ya tensioner, sipulingi imakoka yokha mlingo woyenera, simufunika kuithandiza.

Tsopano musathamangire kiyi. Mutabwezera chivundikiro cha m'munsi ndi pulley, zungulitsani crankshaft kawiri kathunthu ndi dzanja, pang'onopang'ono, osabwerera m'mbuyo, kenako onaninso 0 uja ndi kabowo kaja. Zikalunjika zonse, mangani tensioner. Zikapanda kulunjika, chotsani lamba muyambirenso, palibe chimene chawonongeka. Ndaonapo anthu m'magalaja akudumpha zimenezi chifukwa kasitomala akufulumira, ndipo pa injini ngati ya Hiace kufulumira kumeneko kumadya ndalama za miyezi. Pa injini yoteroyo dzanja likamva kuti pagwira, imani pomwepo, ndiye kuti pisitoni yakhudza valavu.

Pomanga bawuti ya crankshaft ndinabwereka torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, mlingo wake ndinautenga m'buku la injiniyo. Bawuti imeneyi si yomanga mongoyerekeza. Za water pump, pa 5A imayendetsedwa ndi lamba wa alternator, choncho yanga ndinaisiya nditaona kuti sikudontha ndiponso sikugwedera. Amene muli ndi Noah ya 3S-FE musatengere ine. Kwanuko water pump imayendera lamba wa timing yemweyo, ndiye igulireni limodzi, musadzatsegulenso kawiri chifukwa cha madzi odontha.